Eunos Roadster yandichepera: ndidule siponji kapena ndigule mpando wina?

Mlongoti_Leeds:

Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndine wamtali 1.91 m, ndipo ndagula galimoto imene aliyense wondidziwa akuti si saizi yanga. Ndi Mazda MX-5 yoyambirira ija ya nyali zotukuka pa boneti, ya 1991, injini ya 1.6. Yangayi inachokera ku Japan, ndiye kumbuyo kwake kwalembedwa Eunos Roadster, dzina limene ankaigulitsira kumeneko. Kuno ku UK zoterezi zilipo zambiri, ndipo ndinaipeza pa mtengo woti munthu wogwira mashifiti angakwanitse. Injini ili bwino, giya imalowa mosavuta, pokhota imamvera kwambiri. Vuto ndi ine mwini wake.

Mpando ndaukankhira kumbuyo mpaka pothera, moti chotsamira chake chikukhula khoma la kuseri. Komabe mawondo amakhala lina uku lina uku, chiwongolero pakati, ngati bambo wakwera njinga ya mwana wake. Ndikachotsa phazi pa moto kuti ndiponde buleki, ntchafu imagunda kunsi kwa chiwongolero. Pa ma roundabout a kuno, amene sakutha kuwawerenga kwake, dzanja limapanikizika pakati pa chiwongolero ndi bondo. Bondo lamanja lomwelo limatsamira pa chogwirira chitseko mpaka kuchita dzanzi. Chiwongolerocho sichikwera, sichitsika, sichibwera kwa ine. Pamene anachiika ku fakitale ndi pomwepo.

Kumutu nakonso kuli nkhani. Denga likatsekedwa, tsitsi limakhudza chitsulo chopingasa chimene chimanyamula nsalu, ndipo pa hampu ndimachimva ndithu. Pa maloboti ndikakhala kutsogolo ndimachita kuwerama kuti ndione ngati yobiriwira yayaka.

Ndamva njira zosiyanasiyana. Ena akuti ndivule nsalu ya mpando ndidule siponji. Ena akuti ndichotse njanji zimene mpando umayendapo, ndiumange pansi penipeni. Enanso akuti ndigule mpando wa bucket, wa mpikisano uja wokumbatira thupi m'mbali, kapena wa Lotus Elise umene ndi wopyapyala ndipo eni MX-5 ambiri amaukonda. Koma dziwani izi: mayi a kunyumba nawo amayendetsa, ndipo iwo ndi aafupi, sakwana 1.60 m. Komanso chaka chamawa ndikufuna ndikalaweko track day, tsiku limene anthu wamba amathamangitsa magalimoto awo pa bwalo la mpikisano, ndiye pafunika malo a helemeti.

Ndiyambire pati? Amene mukufuna kundiuza kuti ndigulitse, alamu anga anakuyambirani kale.

Mmisiri_Ndirande:

Achimwene, moni wa ku Blantyre. Ine ntchito yanga ndi kusoka ndi kukonza mipando ya magalimoto, makamaka maminibasi ndi ma ex-Japan, koma ya timagalimoto totereti inadutsaponso m'manja mwanga. Ndilankhula za siponji zokha poti ndi zimene ndikudziwa.

Musanagwire mpeni, khalani pansi penipeni, msana kukhoma, mayi aike buku pamutu panu ayeze kuchokera pansi kufika pa bukulo. Kenako muimirire opanda nsapato, ayeze mwendo kuchokera m'mphechepeche kufika pansi. Anthu awiri a 1.91 m sakhala ofanana. Wina utali wake uli m'miyendo, wina uli mumsana. Wa msana wautali amafuna mpando utsike. Wa miyendo yaitali amafuna thupi libwerere m'mbuyo, chiwongolero chichoke pa mawondo. Ndaonapo anthu akuwononga mpando wabwinobwino kusaka malo a mutu pamene chowavuta chinali mawondo.

Mukatsimikiza zodula, mpando umamangidwa ndi mabawuti anayi. Eunos zambiri zili ndi timasipika m'chotsamira mutu, ndiye pansi pali waya, musolole pulagi musananyamule. Nsalu imagwidwa ndi timphete ta waya. Timeneto tiduleni, mugule tatsopano pamodzi ndi pulayala yake yotsinira. Ena amabwezera ndi ma cable tie, amagwira ndithu, koma ine sindiwakonda chifukwa akakalamba amathyoka. Jambulani ndi foni paliponse pali kamphete musanadule, apo ayi nsalu idzabwerera yokwinyika.

Dulani kunsi kwa siponji, mbali imene imagona pa chitsulo, osati pamwamba. Pamwamba ndi pamene pali kaumbidwe ka mpando, mukapasokoneza nsalu sidzakhalanso bwino. Mpeni wamagetsi wodulira buledi ndiwo umadula mosalala. Kuno ife timangogwiritsa ntchito chitsulo cha hacksaw. Sendani pang'ono, mubwezere, mukhalepo, musendenso. Imene mwadula mopitirira kuimata ndi guluu n'kotheka, koma siikhala chimodzimodzi.

Tsono apa mumve bwino. Chotsani kumbuyo kokha, pamene pamafikira mafupa okhalira. Kutsogolo, pansi pa ntchafu, musakhudze. Kutukuka kwa kutsogoloko sanakuike pokongoletsa. Ndiko kumakugwirani kuti pa ngozi musatsetsereke n'kulowa kunsi kwa lamba, lambayo n'kukwera pamimba m'malo mogwira mafupa a m'chiuno. Ndiponso ntchafu zikachirikizika msana sutopa msanga. M'mbali namo musiye, ndimo mumakugwirani pokhota.

Chotsamira nachonso chili ndi siponji yoti mungachepetse, kuseri kwake. Kwa munthu wa miyendo yaitali phindu lili pamenepo, chifukwa thupi lonse limabwerera m'mbuyo. Koma pofikira msana wa m'munsi musiyepo potukuka, mukapafafaniza mudzatsika m'galimoto muli chowerama.

Musayembekezere zambiri. Mpando wa 1991 siponji yake inaphwa kale ndi kukhalidwa, ndiye mukapeza masentimita 2 kapena 3 muthokoze. Amene amadzitama kuti anapeza 5 nthawi zambiri akukhalira chitsulo, ndipo ndi kuzizira kwanu kumeneko mudzachimva m'mafupa. Ine ndikachotsa yakale yofewayo ndimaikapo yopyapyala koma yolimba, ija ya tizidutswa tomatamata. Ngati mipando ya galimotozi ikupezeka kwa ogulitsa zakale, gulani umodzi woti muphunzirirepo, weniweniwo muusunge.

Kabaza_Area25:

Kkkk bwana Mlongoti, ine ndili mbali ya alamu anu. MX-5 yachitatu, NC, imene inatuluka 2005, ndi yotakasuka kuposa yanuyo, ndipo chiwongolero chake chimakwera ndi kutsika. Yachinayi, ND ya 2015, anaichepetsanso, ndipo chiwongolero chokokera kwa woyendetsa anadzaika mochedwa, pa za 2019. Mu Toyota 86 mungakwanemo bwinobwino. Honda S2000 musayese n'komwe, nayonso chiwongolero sichisuntha.

Koma ngati mwakakamira, chitani za Dan Gurney, woyendetsa magalimoto a mpikisano uja. Mkulu ameneyu msinkhu wake unali wonga wanu, ndipo mu Ford GT40 Mk IV mutu wovala helemeti sunkakwana. Amisiri anangotukula denga pamwamba pa mutu wake kukhala kachotupa, ndipo ndi galimoto yomweyo iye ndi A.J. Foyt anapambana mpikisano wa Le Mans mu 1967. Inu denga lanu ndi la nsalu, a Mmisiri angokusokerani chigamba chotukuka, nkhani yatha.

Petulo_Jozi:

Amwene, musawamvere a Kabaza. Ine ndili ndi NB, yachiwiri ija inayamba 1998, pansi pake ndi pofanana kwambiri ndi panu. Ndine 1.88 m ndipo ndimapita nayo ku bwalo la mpikisano la Zwartkops kufupi ndi Pretoria. Mmene mwafotokozeramo, ine ndikuona kuti mdani wanu wamkulu si mpando, ndi chiwongolero.

Aatali ambiri amaganiza kuti chiwongolero chiyenera kupita kutali kuti apeze malo. Ayi, chiyenera kubwera kufupi ndi chifuwa. Chitsulo chimene chiwongolero chimamangidwapo chimachokera kumapazi kukwera mopendekeka. Mukachitalikitsa ndi spacer, kachitsulo koika kuseri kwa chiwongolero, ya masentimita 4 kapena 5, chiwongolero chimabwera kwa inu komanso chimakwera, n'kuchoka pakati pa mawondo kubwera pamwamba pa ntchafu pamene pali mpata. Manja nawo amasiya kutambasuka mpaka pothera. Mukaonjezera chiwongolero chaching'ono, cha 350 mm kapena 330 mm, dzanja limadutsa osakhudza bondo. Eunos za chaka chimenecho kawirikawiri zilibe airbag, ndiye muli ndi mwayi umene ife a NB tilibe. Komabe yang'anani pakati pa chiwongolero ngati palembedwa SRS, chizindikiro choti muli airbag. Ngati palembedwa, nkhani yasintha, musachotse.

Mufunika boss, cholumikizira chiwongolero chatsopano ku chitsulo chija, yopangidwira galimoto yanuyo, yoti hutala izilira ndipo indiketa izidzizimitsa mukamaliza kukhota. Samalani mabowo. Opanga ziwongolero amasiyana pa kutalikirana kwa mabowo a mabawuti: Momo ndi Sparco amatsata mulingo wa 70 mm, Nardi wa 74 mm, onse mabawuti 6, ndiye pamaso amafanana koma salowana. Ndipo chonde, ziwongolero zotchipa zokopera zimene zadzaza pa intaneti zisiyeni. Zina zimapindika ndi manja. Zoipa zake za njirayi ndikuuzeninso: timitengo ta indiketa ndi waipa timatsalira kutali ndi zala, ndipo chiwongolero chaching'ono chimabisa pamwamba pa sipidomita. Ngati yanu ilibe power steering, cha 330 chikulemerani poimika.

Zing'onozing'ono zaulere: chogwirira chitseko chimasuleni, muikepo kalamba kansalu kokokera, bondo lipuma. Zotchingira dzuwa chotsaninso, ndi masikuluwu basi, maloboti muziwaona.

Za njanji. Zimadyadi malo, koma mukazichotsa mayi ayendetsa bwanji? Ndipo pali chinthu chimene ogulitsa mipando sanena. Mpando wa bucket ukaikidwa pa njanji nthawi zina umakhala pamwamba kuposa wa fakitale wosendedwa siponji. Phindu lenileni limabwera ukamangidwa m'mbali ndi mabulaketi opanda njanji, pansi pake patatsala pang'ono kukhudza kapeti. Pamenepo mumathanso kukweza kutsogolo ndi kutsitsa kumbuyo, thupi limapendekera chagada pang'ono, mutu umatsika, ntchafu zimagona. Ine ndili ndi mipando iwiri. Wa fakitale wa masiku onse, wa bucket ndimaumanga dzulo lake la track day. Musanagule, yezani m'lifupi. Galimotozi ndi zopapatiza, mipando yambiri mapewa ake amagunda chitseko kapena pansi pake pamakana chifukwa cha chitunda cha giya.

Mudzamva ena akuti mudule zitunda ziwiri zachitsulo zimene zili pansi kumbuyo, pamene njanji zimamangidwa. A mipikisano amadula, ndipo mpando umatsikadi kwambiri. Koma zitunda zimenezo ndi zimene zimanyamula mpando pa ngozi. Chitsulo cha pansi pachokha ndi chopyapyala, bawuti lingaboole n'kutuluka. Malamulo a FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto pa dziko lonse, amafuna mabawuti osachepera 8 mm pa malo anayi, paliponse pali puleti yachitsulo ya 3 mm yosachepera 40 cm². Imeneyo ndi ntchito ya wowotcherera wodziwa za magalimoto a mpikisano, osati wa mageti. Musanaboole paliponse lowani kunsi muone, chifukwa mapaipi a petulo ndi a buleki amadutsa kunsi komweko. Khoma la kuseri kwa mpando limene mukuti likukhulalo musalimenye ndi hamala kapena kulibowola. Thanki ya petulo ili kuseri kwake. Onaninso pamene chotsekera lamba chamangidwa. Ngati chili pa mpando, mpando watsopano uyenera kukhala ndi pomangira pake polimba, ndi bawuti lake la lamba la 7/16 UNF, osati lililonse lotola m'chitini.

Pomaliza, helemeti. Galimoto yopanda denga lolimba ikagubuduzika, felemu ya galasi yokha si yodalirika, ndiye roll bar, chitsulo cholimba choimikidwa kuseri kwa mipando choteteza mutu, ndi yofunika. Mukaiika, valani helemeti mukhale pa mpando, wina agoneke mpini wa tsache kuchokera pamwamba pa bar kufika pamwamba pa felemu ya galasi. Helemeti isakhudze mpiniwo. M'mipikisano amafunanso mpata wa 5 cm pakati pa helemeti ndi pamwamba pa bar. Apa ndi pamene aatali amagwa, ndipo siponji yokha sikupulumutsani. Kumbukiraninso kuti pamsewu mulibe helemeti, ndipo mutu wa munthu wamtali umakhala pafupi ndi chitsulocho. Wina akakugundani kumbuyo ndi chimene mungamenye. Kulungani ndi padding yolimba yopangidwira roll bar, ya mulingo wa SFI 45.1, osati siponji yokulungira mapaipi a madzi. Zitsulo zonyezimira zokongoletsa zija zimene ena amaika kuseri kwa mipando si roll bar. Malamba a mpikisano a pamapewa onse awiri musaike popanda bar yeniyeni, chifukwa amakugwirani chowongoka pamene galimoto ikugona chagada.

Mlongoti_Leeds:

Zikomo nonse. A Kabaza, chigamba chanucho ndikadzafika ku Lilongwe mudzandilipirire.

Bambo Mmisiri, tayeza. Chokhala ndine masentimita 96, mwendo ndi 93. Ndiye utali wanga wambiri uli m'miyendo, zimene zikugwirizana ndi zimene a Petulo akunena. Pa chiwongolero palibe SRS, ndipo power steering ilipo. Ndayesa kukhala m'galimoto nditamasula chiwongolero, mayi atachigwira m'malere chapafupi ndi chifuwa changa, ndipo mawondo anawongoka okha. Zotchingira dzuwa ndachotsa kale madzulo ano. Zodula pansi ndazisiya kaye.

Anaphiri_Luton:

Achimwene, amuna onse apa akuyeza inu, palibe amene wayeza alamu anga. Ine ndine 1.57 m, ndipo NA ya kwathu, MX-5 yoyambirira ngati yanuyo, timayendetsa awiri ndi bambo a kunyumba amene ndi aatali, ndiye ndikulankhula zimene ndimakumana nazo.

Chilichonse chimene chikukuthandizani inu chikuwalanda iwo. Siponji ikatsika masentimita 3, iwo atsika nawo, boneti asiya kuiona, ndipo lamba ayamba kuwadutsa pakhosi m'malo mwa paphewa. Siponji ya chotsamira ikachepa, akankhira mpando kutsogolo kwambiri kuti aponde kilatchi mpaka pansi. Ndiye inu mwabweretsanso chiwongolero masentimita 5 kwa iwo. Chikhala pachifuwa penipeni, zigongono zopindika, m'galimoto yopanda airbag. Musanagule spacer, akhale iwo pa mpando pamene amayendetsera, muyeze kuchokera pachifuwa kufika pa chiwongolero, muchotsepo kutalika kwa spacer ndi kuya kwa chiwongolero chatsopanocho, muone chotsala. Kwathu tinagwirizana pa yaifupi. Ine ndimakhalira kakhushoni kolimba kokhala ndi lamba womangira ku mpando. Pilo wa pabedi ayi, amatsetsereka.

China ndi mapepala. Kuno ku UK chilichonse chimene mwasintha, chiwongolero, mpando, roll bar, auzeni a inshuwalansi, makamaka musanasinthe, kuti mumve mtengo wake. Mukabisa, tsiku la ngozi angakane kulipira. Makampani ena sakonda kumva za roll bar, koma alipo amene ntchito yawo ndi magalimoto akale ndi osinthidwa. Inshuwalansi ya masiku onse nthawi zambiri sikhudza track day, imeneyo ndi yapadera. Ku MOT, koyezetsa galimoto chaka ndi chaka, amagwedeza mpando kuona ngati wamangika, amaona malamba, ndipo dzimbiri loopsa likapezeka mkati mwa masentimita 30 kuchokera pomangira lamba, galimoto yalephera. Pa NA ndi NB dzimbiri limakonda kunsi kwa zitseko chakumbuyo, pafupi ndi mateyala, chifukwa mipita yotulutsira madzi a padenga ikatsekeka madzi amakhazikika mkati, kuonjezera mchere umene amathira m'misewu nthawi yozizira. Poti mpando mukuuchotsa kale, tukulani kapeti muone mmene pansi palili.

Mlongoti_Leeds:

Ndabweranso kudzakuuzani pamene tafika. Achemwali, uthenga wanu mayi anauwerenga okha ndipo akuti ndikuthokozeni mwapadera.

Tinagula chiwongolero cha 350 mm chosaya kwambiri, ndi spacer ya masentimita 3 m'malo mwa 5. Kwa ine ntchafu yasiya kugunda popita pa buleki, ngakhale pa roundabout yothina dzanja limakhudzabe bondo pang'ono. Kwa mayi mpata wa pachifuwa watsala wokwanira, akuti indiketa yokha ndiyo yatalikira. Pa Eunos ili kumanja monga ma ex-Japan a kumudzi, ndiye akuchita kutambasula zala. Chogwirira chitseko chapita, pali kalamba kofiira.

Mpando wophunzirira ndinaupeza kwa munthu wina amene amaphwasula MX-5, wong'ambika pang'ono m'mbali. Ndinatsata za a Mmisiri: kunsi kokha, kumbuyo kokha, kutsogolo osakhudza. Siponji yake inali yachikasu, yofumbutuka m'mphepete, ndipo pa chitsulo cha pansi panali dzimbiri limene ndinapala n'kupaka penti ndisanabwezere. Timphete tija tinandilasa zala zonse. Nditayeza kuchokera pamutu kufika pa chitsulo cha denga, ndapeza masentimita 2 ndi theka. Pa hampu sindikugundanso. Chotsamira ndinasenda pang'ono chabe, ndipo kilatchi ndikuiponda mwendo utawongoka bwinoko. Pansi pa kapeti ndi pouma, koma kunsi kwa chitseko cha kumanja chakumbuyo penti yatupa, ndiye ndalama ya roll bar iyamba yapita kwa wowotcherera. A inshuwalansi ndinawaimbira, za chiwongolero analemba, mtengo unakwera pang'ono.

Helemeti ndinabwereka kwa mnzanga wa njinga yamoto kuti ndingoyesa. Denga silitsekeka n'komwe nditavala, ndipo likatseguka ndikuposa felemu ya galasi moonekeratu. Ndiye za mipando iwiri zija sindizithawa. A Petulo, mpando wanu wa bucket ndi wa masentimita angati m'mapewa, ndipo unakwana osadula zitunda zija? Mabulaketi munagula opangidwa kale kapena anakupangirani? Bambo Mmisiri, nsalu yachita kakhwinya pakati pamene siponji yachepa. Ndiikemo kena kopyapyala pamwamba, kapena ndingoikoka ndi timphete tina kunsi?